Laisensi M'thumba, Mapazi Pansi

Pa ntchito zonse zimene ana a sukulu amazilakalaka, ya kuyendetsa ndege ndi imene anthu amaganiza kuti ilibe ulova. Aliyense amadziwa kuti mphunzitsi akamaliza kozi amatha zaka akudikira kuti boma limulembe, ndipo namwino nayenso chimodzimodzi. Koma za payiloti anthu amaona ngati tsiku limene walandira laisensi, ndege imakhala itaima kale pakhomo, injini ikulira, kudikira iye yekha. Ine ndine mmodzi mwa amene adalandira laisensi imeneyo, ndipo padapita zaka zitatu ndi theka ndisadalandire ngakhale tambala imodzi chifukwa choulutsa ndege. Nkhani yanga ndi ya zaka zimenezo. Za kumwamba ambiri amazikamba, koma za pansi, pamene munthu amadikirira, zimasowa wozikamba.

Kwathu ndi ku Chiputula mumzinda wa Mzuzu. Amene amaudziwa mzindawu adziwa kuti bwalo lathu la ndege silili kutali kuthengo ngati la Kamuzu ku Lumbadzi kapena la Chileka. Lathuli lili m'kati mwenimweni mwa anthu, nyumba mbali iyi ndi iyo, mwakuti mwana wokulira m'dera limeneli ndege amaidziwa ngati mmene mwana wa ku Nkhata Bay amaidziwira Ilala. Kumayambiriro a zaka za m'ma 2000, tili ku pulayimale, ndege za Air Malawi zinkaterabe pa Mzuzu. Kampaniyi idayamba mu 1964, ndipo akuluakulu ankatiuza monyadira kuti m'zaka za m'ma 1970 inkafika mpaka ku London. Tonse a m'kalasi mwathu tinkati tidzakhala mapayiloti. Anzanga adazisiya atakula, monga mmene ana amasiyira masanje. Ine sindidasiye, ndipo adada adandimvera.

Adada adali ndi malole awiri onyamula matabwa kuchokera ku Chikangawa. Adagulitsa imodzi, adagulitsanso puloti imene adagula ku Luwinga kuti adzamangepo nyumba za lendi, ndipo zotsalazo adakakongola kubanki. Asibweni anga, amene akhala ku Joni zaka zambiri monga achitira anthu ambiri a ku Mzimba, adandipatsa pogona ndi chakudya kwa zaka ziwiri. Ndinkaphunzirira pa bwalo la Rand Airport ku Germiston, pafupi ndi Johannesburg. Mu Novembala 2019 ndidalandira laisensi yondilola kuulutsa ndege molipidwa, pamodzi ndi chilolezo chouluka m'mitambo podalira zipangizo zokha. M'buku langa la maola mudali maola 212.

Nambala imeneyi ndiyo mutu wa mavuto onse, tsono ndiyenera kuifotokoza. Pa ntchito yathuyi munthu samuyeza ndi mapepala okha ayi, koma ndi maola amene wakhala mumlengalenga, ndipo ola lililonse limalembedwa m'buku. Kuti upatsidwe laisensi yogwirira ntchito pamafunika maola pafupifupi 200. Kuti udzapatsidwe laisensi yaikulu, yoyenereza munthu kukhala kaputeni wa ndege zikuluzikulu zonyamula anthu, pamafunika maola 1,500. Pakati pa 200 ndi 1,500 pali phompho, ndipo palibe sukulu imene imakuwolotsa. Eni ndege zing'onozing'ono amafuna munthu wa maola 500 kapena kuposerapo, kawirikawiri chifukwa a inshuwalansi sabvomera kuti ndege yodula choncho aisiye m'manja mwa wongotuluka kumene kusukulu. Tsono amati: bwera ukakhala ndi maola. Koma maolawo umawapeza pogwira ntchito. Njira ina ndi kuwagula wekha, kubwereka ndege pa ola, ndipo mtengo wa ola limodzi lokha ungadyetse banja la ku Chiputula kwa mwezi wathunthu. Kulinso nkhani ina: ndege yaikulu iliyonse ili ndi maphunziro akeake, ndipo wodziwa Cessna sangangokwera mu Boeing n'kuiulutsa.

Onjezeraniponso kuchepa kwa ndege m'dziko muno. Air Malawi idathetsedwa kumayambiriro a 2013 itamira m'ngongole. M'malo mwake mudabwera Malawian Airlines, imene boma lidatengamo magawo 51 pa 100 aliwonse ndipo Ethiopian Airlines 49, ndipo idayamba kuuluka mu Januwale 2014 ndi ndege ziwiri, Boeing 737 ndi Q400. Ndege ziwiri zimafuna mapayiloti owerengeka chabe. Kupatula apo pali a usilikali, ndi makampani ochepa a ndege za hayala zonyamula alendo kupita ku Likoma, ku Nyika, ku Liwonde ndi ku Mfuwe m'dziko la Zambia. Makomo onse ogogodapo mungawawerenge ndi zala za dzanja limodzi. Sikuti Amalawi luso alibe. Yolanda Kaunda adakhala kaputeni woyamba wamkazi m'dziko muno mu 2016, ndipo tonse amene tinkalota za ndege tidasangalala ngati ndi mlongo wathu. Koma mipando ndi yochepa, ndipo wokhala pampando sadzuka msanga.

Zonsezi ndidazidziwa ndisadabwerere kumudzi, ndipo ndidakonzeka kudikira chaka. Chimene palibe adachikonzekera ndi mliri wa Covid-19. Mu Epulo 2020 boma lidaimitsa maulendo a ndege zolowa ndi zotuluka m'dziko muno, ndipo sadayambirenso mpaka Seputembala. Alendo okaona nyama ndi nyanja adasiya kubwera. Dziko lonse lapansi, akaputeni a maola 10,000 adauzidwa kuti akakhale kunyumba. Ngati njovu zikusowa msipu, kalulu angadandaule kwa yani? Makalata amene ndidatumiza ambiri sadayankhidwe, ndipo ochepa amene adayankha adalemba mwaulemu kuti dzina langa alisunga.

Ndidakhala pa Mzuzu. M'mawa ndinkapita ndi adada kumsika wa matabwa, ndikulemba m'kope mathabwa olowa ndi otuluka, ndipo dalaivala akadwala ndinkagwira ndekha chiongolero kukwera mapiri a Viphya. Anyamata a sakaramento adandipatsa dzina loti Kaputeni. Poyamba lidali la ulemu, koma miyezi itapita lidayamba kumveka mwina. "A Kaputeni, lero mukuulukira kuti? Kwerani iyi, siifuna pasipoti!" Ndinkaseka nawo, chifukwa wokwiya ndi nthabwala za anyamata a panjinga sakhalitsa mumzinda wa Mzuzu. Chimene chinkandipweteka si iwowo. Chinkandipweteka ndi kuona adada, tsiku lomaliza la mwezi uliwonse, atavala jekete yawo ya kutchalitchi, akupita kubanki kukapereka ngongole ya chinthu chimene chidali chigonere m'sutikesi.

Ndanena kuti chigonere, koma laisensi ya ndege sigona ulere. Digiri ukaitseka m'kabati, ngakhale patapita zaka khumi umaipeza ili digiri yomweyo. Laisensi yathuyi ili ngati ng'ombe ya m'khola: iyenera kudya ngakhale sikulima. Chaka chilichonse uyenera kukayezedwa ndi dokotala wovomerezeka, maso, makutu, mtima ndi magazi. Chaka chilichonse uyenera kukaonetsa kwa woyesa kuti ungathebe kuuluka m'mitambo, ndipo ndege ya mayesoyo umalipira wekha. Lamulo limanenanso kuti sunganyamule munthu ngati sudanyamuke ndi kutera katatu m'masiku 90 apitawo. Pamwamba pa izo, laisensi yotengedwa kunja iyenera kuvomerezedwa ndi a zamaulendo a ndege a dziko lino, ndipo pamakhala mayeso a malamulo akunokuno. Zambiri mwa izi zimalipidwa potsata ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ng'ombe ija idayamba kudya kwambiri kuposa kale, pamene mtengo wa thabwa udali pomwepo.

Amama ndi amene adafunsa funso limene ena onse ankaliopa. Tsiku lina madzulo, tikudya, adati: "Adada ake, kodi chinthu chimenechi tizingochidyetsa mpaka liti? Mwanayu masamu amawadziwa. Bwanji osakachita za uphunzitsi pa yunivesite pompano pa Luwinga?" Sadalankhule mwa nkhanza. Adali ndi ana ena awiri ku sekondale, ndipo sukulu fizi yawo inkachedwa chifukwa cha ine. Adada adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adatembenukira kwa ine nati, "Mwana wane, mtengo wa payini ku Chikangawa umatenga zaka zoposa makumi awiri kuti uchekedwe. Wodzala payini n'kumafuna matabwa chaka chamawa, ameneyo akadadzala chimanga. Ine ndidadziwa chimene ndinkadzala. Koma amayi akowa akunena zoona: tikupatsa zaka ziwiri zina. Zikakanika, sitidzakuimba mlandu, koma udzayang'ane kwina."

Kumayambiriro a 2022 ndidapita ku Maun m'dziko la Botswana, kumene kwa zaka zambiri kwakhala kothawira mapayiloti atsopano, chifukwa alendo opita m'madambo a Okavango amanyamulidwa pa ndege zing'onozing'ono. Ndidayenda pa basi kudzera ku Chipata, Lusaka ndi Livingstone, n'kuwoloka pa mlatho wa Kazungula umene udatsegulidwa mu 2021. Kumeneko kalata siithandiza. Amafuna akuone nkhope. Ndidagona mu tenti milungu isanu ndi umodzi pamodzi ndi anyamata ndi atsikana ochokera ku Kenya, ku Zimbabwe, ku South Africa ngakhale ku Ulaya, tonse m'mawa uliwonse titavala malaya oyera otsitidwa bwino, kuzungulira maofesi omwewo, kupereka moni kwa anthu omwewo. Ntchito zinkabwerera pang'onopang'ono, koma oyamba kuitanidwa adali amene adachotsedwa nthawi ya mliri, ndipo pambuyo pawo ana a dzikolo. Pamenepo palibe chodandaula. Ife tikadakhala ndi ndege zambiri tikadachitanso chimodzimodzi. Ndalama zitatha ndidabwerera, m'buku muli maola 226.

Khomo lidatsegukira kwathu komwe. Nditabwerako ku Botswana ndidazolowera kupita pa bwalo la Mzuzu nthawi iliyonse ndikamva kuti kukubwera ndege ya hayala. Ndinkathandiza kutsitsa katundu, kumanga ndege ndi zingwe ikamagona, ndi kusakira alendo galimoto. Palibe adandituma ndipo palibe ankandilipira. Ndinkangofuna kukhala pafupi ndi fungo la mafuta a ndege kuti ndisaiwale chimene ndili. Mwa amene ankatera kawirikawiri mudali bambo wina wa imvi, mkulu wa mapayiloti pa kampani ina yaing'ono ya ku Lilongwe. Atamva kuti ndili ndi laisensi sadandilonjeze kanthu. Adangotenga nambala yanga nati, "Ndikamabwera kuno ndizikuimbira m'mawa. Uzindiuza zimene maso ako akuona, osati zimene ukuganiza kuti ndikufuna kumva."

Mzuzu ali pamtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, ndipo wochokera ku Lilongwe ayenera kudutsa mapiri a Viphya amene ndi aatali kuposa apo. Mphepo ikachokera kunyanja imakwera zitunda za ku Nkhata Bay itanyamula chinyontho, ndipo ikafika pamwamba imasanduka nkhungu ndi mvula yowaza ya mawawa imene ife a ku Mzuzu tidakula nayo. Ku Lilongwe kungathe kukhala dzuwa lowala bwino pamene kuno munthu sakuona nsonga ya mtengo wa bulugama. A zanyengo amapereka malipoti awo, koma payiloti wa ndege yaing'ono amafunanso kumva kwa mnzake amene waima pansipo, wodziwa kusiyanitsa nkhungu imene ichoke dzuwa likakwera ndi imene yabwera kudzagona. Kwa miyezi isanu imeneyo ndiyo idali ntchito yanga. Foni inkalira mamawa, ine n'kutuluka panja, kuyang'ana kumwera ndi kum'mawa, n'kunena kuti bwerani, kapena dikirani mpaka 10 koloko, kapena lero ayi.

Kunena kuti lero ayi kudali kovuta, chifukwa ndege ikapanda kubwera ndiye kuti nanenso sindionana ndi munthu yekhayo amene akadandithandiza. Koma ndinkanena. Mu Okutobala 2022 bamboyo adandiitana ku Lilongwe nandipatsa ntchito ya pansi: kuyeza katundu pa sikelo, kuwerengera mafuta, kulemba mapulani a ulendo, kutsuka ndege. Malipiro ake ankangokwanira lendi ya chipinda chimodzi ku Lumbadzi ndi ufa. Phindu lake lidali lina. Ndege ikakasiya alendo n'kumabwerera yopanda anthu, iwo, pokhala ndi chilolezo cha uphunzitsi, ankandikhazika kumpando wa kumanzere, ine n'kuulutsa, iwo n'kusaina m'buku. Lero mphindi makumi anayi, mawa ola limodzi, sabata ina osauluka n'komwe. Akuluakulu adati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo ine mtolowo ndidauona ukukula tsamba ndi tsamba.

Tsiku limene adaganiza zondipatsa ndege sadandifunse za injini kapena za malamulo, poti zimenezo adali ataziona kale. Adandifunsa funso limodzi. "Uli pa Likoma. Uli ndi bwana wamkulu amene walipira ndege yonse ndipo ali ndi msonkhano ku Mzuzu 9 koloko. Mzuzu watsekeka. Bwanayo akukuuza kuti payiloti wa chaka chatha ankadutsa nyengo yoposa imeneyi, ndipo akuti aimbira ine kuti ndikuchotse ntchito. Utani?" Ndidayankha kuti ndiwapezera mpando pamthunzi, ndiwagulira tiyi, ndipo foni yoimbira abwana anga ndiwabwereka yanga. Adaseka, nati, "Kuulutsa ndege ndingaphunzitse aliyense. Chimene ndimasowa ndi munthu woti ali ndi njala ya maola, koma n'kutha kukana ola limene silili bwino. Iwe wakhala ukundikaniza kubwera ku Mzuzu kwa miyezi isanu pamene unkafuna ntchito kwa ine." Adakambirana ndi a inshuwalansi kuti ndiyambe ndi maulendo aafupi, masana okhaokha, iwo akundiyang'anira.

Mu Meyi 2023 ndidanyamula alendo anga oyamba pa Cessna ya mipando isanu ndi umodzi, kuchokera ku Lilongwe kupita ku Likoma, ulendo wa pafupifupi ola limodzi. Padalibe jekete ya mizere inayi paphewa, padalibe wopereka chakudya. Masutikesi ndidakweza ndekha, ndipo mayi wina atadwala m'njira, thumba lake ndidakataya ndine. Titayandikira chilumba ndidaona denga la tchalitchi chachikulu cha St Peter's ndi mabwato a asodzi, ndipo nditatera ndidalemba m'buku ola loyamba limene wina adandilipira m'malo moti ine ndilipire. Malipiro a mwezi umenewo ndidawagawa patatu: kubanki, sukulu fizi ya mlongo wanga, ndi chitenje cha amama, amene funso lawo lija lidali loyenera kufunsidwa.

Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 idalephera kutera pa Mzuzu chifukwa cha nyengo yoipa, ndipo idagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu adamwalira. Kwa ife a ntchito imeneyi, ndiponso kwa ine amene mapiri amenewo ndidawayenda pa lole ndi kuwadutsa pa ndege, chisoni chake sichidathe. Chimene ndaona kuchokera nthawi imeneyo n'chakuti ndikauza alendo kuti tidikire kaye nkhungu ichoke, palibenso amene amayang'ana wotchi mokwiya. Amakhala pansi n'kudikira. Ndikadakonda dziko likadaphunzira zimenezi pa mtengo wotsika.

Makolo ena pa Mzuzu amabwera kunyumba kudzafunsa adada kuti mwana wawo akufuna za ndege, atani. Adada amawatumiza kwa ine, ndipo ine sindiwaletsa, koma ndimawauza kuti walira mvula walira matope. Powerengera ndalama asamalekezere pa tsiku la laisensi. Awerengerenso zaka ziwiri kapena zitatu za dokotala, za mayeso, za basi yopita kumene kuli ndege, ndi za nsima ya munthu wamkulu amene sakubweretsa kanthu pakhomo. Ngati zingatheke mwanayo atengeretu chilolezo cha uphunzitsi, chifukwa ambiri maola awo amawapezera pophunzitsa ena. Akhalenso ndi ntchito ina ya m'manja yoti izimudyetsa podikira. Ndipo kwa mwanayo ndimati asanyoze ntchito ya pansi. Ndege ndi zochepa m'dziko muno, oziyendetsa onse amadziwana, ndipo amene akutsuka ndege lero amakhala akuyesedwa osadziwa.

Ngongole ya kubanki sidathe, ndipo kwacha itagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu zambiri zidabwerera m'mbuyo. Puloti ya ku Luwinga pano ena adamangapo nyumba zokongola. Maola 1,500 ndisadawafike, ngakhale tsopano akuoneka poteropo. Ndikawapeza ndidzayambanso kugogoda makomo, a ndege zazikulu tsopano, ndipo ndikudziwa kuti kumenekonso adzandiuza kuti dzina langa alisunga. Ndidzadikira. Mwezi uno gawo la adada kubanki ndapereka ndine, ndipo jekete yawo ija amaivala Lamulungu lokha.